Funsani Amake Misozi

Jethro Chulu wa ku Kakumbi anabadwa ndi pakamwa posatseka. Amayi ake ankanena kuti mwanayu anayamba kulankhula mano asanamere, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanapumepo. Ankalankhula ndi anthu. Anthu akatopa n'kubalalika ankalankhula ndi nkhuku, nkhuku zikalowa m'tchire ankatembenukira khasu. Sanali wamiseche, sanalinso wamwano. Vuto lake linali limodzi lokha: chilichonse chimene maso ake aona ankachipeza chikusowa malangizo, ndipo mwamwayi malangizowo ankakhala ali nawo iyeyo.

Mu 1991 analembedwa usikauti, ntchito yolondera nyama m'malire mwa paki. Yunifomu inamukhala, jombo zinamukwana, ndipo pa nkhani yoyenda panalibe womuposa. Koma tchire limafuna munthu wodziwa kukhala chete. Tsiku lina gulu lawo linabisala m'mitengo ya tsanya kudikirira anthu otchera nyama ndi mawaya. Anagona chafufumimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, akashembe akuwaluma, aliyense osatsokomola n'komwe. Potsiriza anthu aja anatulukira. Mmodzi ananyonyomala chapafupi pomwepo n'kuyamba kumangirira waya wake kumtengo. Jethro anayang'ana. Anadziluma mlomo. Anatsinzina. Atatsegula maso anapeza munthu uja akumangabe molakwika.

"Iwe, mfundo imeneyo sigwira!" anafuula ali chigonere. "Pinda kawiri!"

Anthu aja anathawa liwiro la mtondo wadooka, kusiya mawaya, nkhwangwa ndi patapata ya phazi limodzi. Mkulu wa kampu sanamuchotse ntchito. Anangomuyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "A Chulu, Mulungu salenga chinthu chopanda ntchito. Kuyambira mawa muzikhala pa wailesi."

M'kachipinda ka wailesi ya mauthenga Jethro anaphuka ngati bowa. Uthenga wa mawu asanu, woti galimoto yatitimira pamchenga, unkatenga theka la ola, chifukwa ankayenera kufotokozanso mmene dalaivalayo akanawolokera akadakhala wofunsa. Makampu onse a m'chigwa cha Luangwa ankadziwa kuti mwana wake Misozi waguluka dzino, kuti njovu zamudyera mapira mizere isanu, ndiponso kuti mkazi wake Priscilla ndi munthu wodabwitsa. Chomalizachi chinali choona. Jethro ankataya chilichonse: chipewa, makiyi, cholembera, tsiku lina njinga yathunthu. Priscilla, osadzutsa n'komwe mutu pa chimene akuchita, ankangoti, "Kuseri kwa nkhokwe," ndipo chinthucho chinkapezekadi kuseri kwa nkhokwe.

Chakumapeto kwa 1995 kunabwera mzungu wamkazi dzina lake Christine, wochokera ku dziko lina lozizira, kudzawerenga minda imene njovu zinkawononga. Anabwera ndi kompyuta, sola, ndi mabatire awiri akale a lole. Zonsezi anaziika m'kachipinda ka wailesi, poti ndi kokhako kamene denga lake silinkadontha. Ankafuna munthu woti azilemba mu kompyutamo zimene asikauti abweretsa kuchokera m'midzi, ndipo asanamalize kufunsa anapeza Jethro atakhala kale pampando.

Anaphunzira ndi zala ziwiri, ngati nkhuku ikujompha mapira. Koma chimene chinamugwira mtima si mabatani ayi. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anapeza chinthu chimene ankachiuza zochita tsiku lonse, icho osayasamula, osakumbukira mwadzidzidzi kuti chasiya madzi pamoto.

"Ulemu umenewu anachiphunzitsa ndani?" anafunsa tsiku lina.

Christine anamufotokozera kuti mu kompyuta iliyonse mumakhala pulogalamu yaikulu, ngati kapitawo, imene imadzutsa makinawo ndi kugawa ntchito kwa timapulogalamu tina tonse. Kapitawo wa m'makina akewo dzina lake anali Linakisi, ndipo sanali wa kampani iliyonse. Amene anamulemba ndi anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana, ambiri a iwo osaonanapo nkhope, aliyense kuwonjezera kachigawo kake akaweruka kuntchito. Malangizo onse a mkati mwake anali poyera. Wofuna kutenga atenge, wofuna kuwerenga awerenge, wofuna kukonza akonze. Lamulo linali loti ukatenga n'kuwonjezera zako, kenaka n'kupatsa ena, usatseke chitseko chimene unachipeza chotsegula, ndipo usafufute maina a amene analima iwe usanafike.

"Ndiye kuti ndi dima," anatero Jethro. "Mudzi wonse kulima munda umodzi."

"Tingatero," anayankha Christine.

"Nanga mowa wake amakamwera kuti?"

"Kulibe mowa."

Jethro anakhala chete masekondi pafupifupi anayi, chinthu chimene asikauti anzake anakana kukhulupirira atachimva. "Anthu amenewo ndi akumpingo," anatero pomaliza.

Kunyumba nkhani inasintha. Kale ankafika ndi za mvuu ndi madalaivala, tsopano anali Linakisi yekhayekha. Linakisi sakwiya. Linakisi ukamufunsa bwino amayankha bwino. Linakisi lero anatentha thupi, ndakhala masana onse ndikumukupiza. Priscilla anamvetsera sabata imodzi, anamvetsera yachiwiri. Lolemba la sabata yachitatu anamanga chitenje molimba m'chiuno n'kuuyamba wapansi kupita ku kampu. Anakankha chitseko osaodira. Anapeza mwamuna wake atagwada, thukuta lili kamukamu, akukupiza bokosi lotuwa ndi chikatoni.

"Ali kuti?" anafunsa Priscilla.

"Ndani, amake Misozi?"

"Musandiyese mwana, atate ake Misozi. Wotentha thupiyo."

Jethro analoza bokosi lija. Priscilla anasuzumira pansi pa tebulo, anasuzumira kuseri kwa chitseko, n'kubwerera kudzaima patsogolo pa bokosilo manja ali m'chiuno.

"Mkazi mnzangayo ndi ameneyu?"

"Si mkazi. Ndi kapitawo."

"Amadya chiyani?"

"Dzuwa."

"Dzuwa?" Priscilla anamasula manja. "Basi msungeni. Kuno dzuwa silinasowepo." Anatola pamwamba pa wailesi chipewa chimene chinali chitasowa masiku atatu, anamuveka mwamuna wake, n'kumapita.

Pamwamba pa Linakisi, Christine anali atalemba kapulogalamu kakekake kosungira nkhani za minda. Kankalankhula Chingerezi, ndipo iye ankafuna kuti asikauti ena azikagwiritsa ntchito mosavutika. Motero anapatsa Jethro mndandanda wa mauthenga makumi anayi amene makina amaonetsa pagalasi zinthu zikavuta, kuti awatembenuzire m'Chinyanja. Chinyanja cha Christine chinkathera pa "mwaswera bwanji", choncho woyang'anira ntchitoyo panalibe. Kunali ngati kusiya njovu pansi pa mtengo wa mango n'kuiuza kuti idye limodzi.

Pamene Chingerezi chinkati walakwitsa batani, Jethro analemba kuti, "Chala chanu chaledzera. Yesaninso." Pamene chinkafunsa ngati ukufunadi kufufuta, analemba kuti, "Mwaganiza bwino? Mawa musadzandilirire." Makina akatentha azinena kuti, "Ndatentha thupi. Tengani chikatoni mundikupize," ndipo akapanda kukupizidwa azitsanzika kuti, "Chabwino. Poti simundimvera, ndagona." Uthenga womaliza ndi umene unamuvuta. Christine anati umenewo umatuluka pokhapokha makina akakumana ndi vuto limene eni akewo sakulidziwa dzina. Jethro anaganizira zimene iye amachita zikafika pamenepo, n'kulemba kuti, "Apa nzeru zandithera. Funsani amake Misozi."

Koma si zoseketsa zokha zimene anasiya m'makinamo. Dzinja litafika, mitambo ikaphimba dzuwa, mabatire akale aja ankafooka ndipo kompyuta inkangothima mwadzidzidzi, ntchito ya tsiku lonse n'kulowa pansi ngati madzi othira pamchenga. Katatu konse Jethro analemba minda yonse ya Kakumbi, katatu konse inafufutika. Kachinayi anamenya tebulo.

"Munthu akamva kuti akukomoka amatula kaye katundu n'kukhala pansi," anatero. "Bwanji ameneyu osamuphunzitsa zomwezo?"

Christine analumikiza kawaya kuchokera ku mabatire kuti makina azidziwa mphamvu imene yatsala, n'kuyamba kumuphunzitsa Jethro kalembedwe ka malangizo. Dzinja limenelo misewu inatsekeka miyezi itatu, kopita kunalibe. Pofika mu Malichi, Jethro anali atalemba mizere makumi atatu ndi zala zake ziwiri zija, ndipo inagwira. Mphamvu ikatsika kufika pa nambala imene iye anasankha, makina ankasunga zonse n'kugona mwaulemu.

Misewu itatseguka Christine anapita ku Lusaka ndi disiketi, n'kutumiza zonse kwa anthu a dima aja kudzera pa waya wa foni. Pamwamba pa mizere ija panalembedwa kuti Jethro Chulu, Kakumbi. Patapita miyezi anabwera ndi pepala: munthu wina wa pa chilumba chakutali, kumene magetsi amavutanso, ankathokoza. Jethro anawerengera makampu onse pepalalo pa wailesi, kawiri, kachiwiriko chifukwa kampu ina inayerekeza kunena kuti sinamve bwino.

Mu 1997 ntchito ya Christine inatha, iye ndi kompyuta yake n'kubwerera kwawo. Jethro anaonda. Pamene pankakhala bokosi lija pa tebulo panatsala malo opanda fumbi, ndipo ankawapatsa moni m'mawa uliwonse mpaka fumbi linakwirira. Chaka chotsatira anasiya usikauti n'kukalowa ntchito ya wailesi pa loji ina ya m'mphepete mwa Luangwa, cha ku Chinzombo. Manijala wake anali a Gideon Sakala, munthu wofatsa, wogontha khutu limodzi, amene posakhalitsa anaphunzira kukhala molozetsa khutu limenelo kwa Jethro.

Mu Okutobala 1998 kunatentha moti abuluzi ankayenda monyang'ama. M'mwezi umenewo panatsika pa ndege ku Mfuwe bambo wina wovala suti yakuda ndi tayi, dzina lake Boston, wa kampani ina ya makompyuta imene inali ndi ofesi ku Lusaka koma likulu ku Joni. Anabwera ndi bokosi lotuwa lokhala ndi chidindo chagolide kutsogolo ndi loko kumbuyo. Linapangidwira malo a alendo akutchire, kopanda magetsi a boma. Linkasunga maina a alendo, zipinda zawo, tsiku lofika, ndi amene sadya nyama. Chachikulu, silinkataya ntchito magetsi akathima.

"Chinsinsi cha zimenezi," anatero Boston akusisita bokosilo mu ofesi ya a Gideon, "amene akuchidziwa ndi anthu atatu okha padziko lonse lapansi, ndipo kampani siwalola kukwera ndege imodzi."

Jethro anali atasuzumira pawindo. "Pepani bwana," anafunsa, "mkatimo muli Linakisi?"

"Muli nzeru za kampani. Inu ntchito yanu ndi chiyani pano, bambo?"

"Wailesi."

"Ndiye khalani ku wailesi."

A Gideon anasainitsidwa pepala loti palibe wotsegula bokosilo kapena kuliyandikira. Wololedwa anali Tabeth yekha, mayi wolandira alendo, ndipo naye mabatani okha basi.

Mawa lake Boston anaitanitsa mamanijala a maloji ena atatu, awiri a iwo azungu, kuti adzaone zodabwitsa. Anasankha fotini awazi, 2 koloko masana, nthawi imene ngakhale mvuu zimadandaula, ndipo ofesiyo inali ya malata. Ophika ndi operekeza alendo anaunjikana pakhomo. Boston analamula kuti jenereta izimitsidwe, ndipo inazimitsidwa. Bokosi linadikira pang'ono, n'kulemba m'Chingerezi chosalala kuti lasunga zonse. Anthu anaomba m'manja. Pawindo paja Jethro anapendeketsa mutu. Kadikiridwe kameneko ankakadziwa, monga munthu amadziwira kayendedwe ka mwana wake akadali patali. Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Jenereta inalizidwanso. Boston anali pakati pofotokoza za akatswiri a ku Joni amene anagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri osapita kutchuthi, pamene bokosi linalira kuti tswii, pagalasi n'kutuluka mzere umodzi. Tabeth anawerama n'kuwerenga mokweza, ndi mawu ake a kukwaya:

"Ndatentha thupi. Tengani chikatoni mundikupize."

Mzungu mmodzi anafunsa kuti chalembedwacho n'chiyani. Boston, amene m'mawa womwewo anamveka pageti akunenerera nsomba m'Chinyanja chakupsa, anayandikira galasi n'kukwinya pamphumi.

"Chimenechi ndi chilankhulo cha mkati mwa makina," anatero. "Chimafanana ndi Chijapani."

Apa manja awiri aja analephera. "Limenelo ndi dzanja langa!" anafuula Jethro, mutu ndi mapewa zitalowa pawindo. "Ndinalemba ndine! Mukapanda kumukupiza, pakatha mphindi zisanu anena kuti chabwino, poti simundimvera, ndagona!"

"Mutulutseni munthuyu," anatero Boston.

"Ali kale panja," anayankha a Gideon. Anavula wotchi n'kuiika patebulo. "Tiyeni tidikire."

Anadikira. Thukuta linkadontha pa chibwano cha Boston n'kumagwera pa nsapato. Pa mphindi yachisanu bokosi linaliranso, Tabeth n'kuwerenga mawu omwewo, liwu ndi liwu, galasi n'kuda bii. Ophika pakhomo anafa nalo phwete, wina mpaka kukhala pansi.

Jethro anadzazimvetsa bwino pambuyo pake. Wina ku Joni anatenga Linakisi pamodzi ndi kapulogalamu ka Christine ndi mizere makumi atatu ija, n'kuzipaka penti ya kampani pamwamba. Mauthenga amene ankatuluka mu ofesi yawo yozizira bwino anawabwezera m'Chingerezi. Koma kumeneko makina sanatenthepo thupi, motero mauthenga a mavuto a m'chigwa anatsala chigonere pansi ngati ng'ona, kudikira Okutobala.

Tsikulo panalibe kuchitira mwina. Chikatoni chinabwera kuchokera kukhitchini, ndipo poti pepala lija linkaletsa ena onse kuyandikira, wokupiza anali Boston mwini, atagwada mu suti yake, Jethro akumulangiza pawindo kuti dzanja lizichokera pansi. Bokosi litazizira analiyatsanso. Linaganiza nthawi yaitali. Kenaka Tabeth anawerenga atadzigwira pamimba:

"Apa nzeru zandithera. Funsani amake Misozi."

Atamutanthauzira, mzungu uja anafunsa kuti amake Misozi ndani.

"Ndi nthambi ya kampani yathu," anatero Boston mosaphethira. "Yoona za mavuto aakulu."

"Nthambi imeneyo ndinali nayo dzulo ku chigayo," anatero Tabeth.

Kampani ija inali itagulitsa kale mabokosi otere m'maloji angapo, m'chigwa momwemo ndi m'mapaki ena akutali, ndipo Okutobala sasankha. Sabata isanathe wailesi ya Jethro inayamba kulira, uthenga uliwonse ukutsekedwa ndi liwu la pa wailesi loti ova: loji yakuti ikufuna amake Misozi, mwachangu, ova. Jethro ankayankha zoona zokhazokha, kuti amake Misozi ali kumunda akusosa, ova. Loji ina ya kumpoto inalimbikira mpaka a Gideon anatumiza galimoto ya alendo, yopanda denga, kukamutenga. Priscilla anafika atakhala yekha pampando wapamwamba, atavala chitenje cha kutchalitchi. Analowa m'kachipinda ka wailesi n'kugwira cholankhulira ngati wagwira nsomba yamoyo.

"Mwaswera bwanji kumeneko? Chinthucho mwachiika pati?"

Wa ku loji ija anati pawindo.

"Pawindo, Okutobala uno? Inuyo mungagone pamenepo? Chichotseni. Chizimitseni chipume kaye. Ndiye muyang'ane kumbuyo kwake, kotulukira mpweya."

Panapita mphindi khumi. Wailesi inalira: kumbuyo kuja apezako chisa cha mavu, achotsa, wina walumidwa pang'ono, makina adzuka, ova.

"Ova yomweyo," anatero Priscilla n'kubweza cholankhulira.

Kuyambira pamenepo ankamuitana kawirikawiri. Malangizo ake anali omwewo atatu, ndipo mavuto ambiri ankatheradi pomwepo. Kunyumba kunayamba kufika nsomba zouma, sopo, ndipo tsiku lina kunafika keke ya maluwa pamwamba, imene inayenda makilomita makumi anayi pamiyendo ya dalaivala wina.

Masiku oyamba Jethro ankayenda ngati tambala. Mawu ake ankalankhula m'mapaki amene iye sanapondemo. Koma Tabeth atamubwereka kabuku kamene kanabwera ndi bokosilo, anakawerenga kuyambira chikuto mpaka chikuto. Dzina la kampani linalembedwamo ka twente-seveni. Munalibe Christine, munalibe anthu a dima, munalibe Jethro Chulu, Kakumbi. Tsiku limenelo anabwerera kunyumba akukankha njinga osaikwera, ndipo anadya osalankhula. Priscilla anamugwira pamphumi kuti aone ngati ndi malungo.

"Sindikufuna kanthu kawo," anatero Jethro pomaliza. "Tinalima kuti aliyense adye, ndipo adye ndithu. Koma munthu wabwera, wamanga mpanda kuzungulira munda wa dima, waika loko, ndiye akundiuza ine kuti ndikakhale ku wailesi."

Analembera Christine kalata ya masamba leveni. Yankho linabwera Khirisimasi itadutsa, tsamba limodzi. Christine anati kugulitsa si mlandu, lamulo la dima limalola. Mlandu ndi kuika loko ndi kufufuta maina. Anati wauza anzake aja, ndipo iwo ayamba kulembera kampaniyo makalata, aulemu koma osatha, ochokera m'mayiko amene a ku Joniko ankachita kuwafufuza pa mapu.

Mu Febuluwale 1999, mvula ili pakati, Boston anatulukira ku Kakumbi pa njinga yobwereka, wopanda tayi, matope mpaka m'mawondo. Anamupatsa mpando pakhonde. Atamwa madzi anaulula. Chiyambire dzinja mabokosi onse ankangogona masana, kamtambo kakangodutsa, ngakhale mabatire ali ndi mphamvu yokwanira. Munthu amene anasonkhanitsa zonse ku Joni anali atasiya ntchito kalekale.

"Nanga anthu atatu aja?" anafunsa Jethro. "Osakwera ndege imodzi aja?"

"Kulibe anthu atatu," anatero Boston akuyang'ana matope a pa nsapato zake. "Kuli inuyo, a Chulu."

Anatulutsa pepala m'thumba la pulasitiki. Kampani inali yokonzeka kumulemba Jethro ngati katswiri wake wa m'chigwa, malinga asaine kuti zonse zimene akudziwa zikhala chinsinsi mpaka imfa. Priscilla, amene ankasenda mtedza chapafupi, anaseka mpaka lichero linagwa.

"Awa? Chinsinsi? Bambo, awa anauza basi yonse ya ku Chipata kuti ndili ndi pakati ine ndisanauze amayi anga."

"Akunena zoona," anatero Jethro mwachisoni. "Kusaina ndikhoza kusaina, a Boston, koma ndikhala ndikukunamizani. Pofika madzulo Kakumbi yense adziwa, pofika mawa makampu onse. Chotsani loko, bwezerani maina, ndikukonzerani lero lomwe."

Boston anapalasa njinga kukaimba foni. A kulikulu, amene makalata aja anali atawafika m'khosi, anavomera. Poti makiyi anali ku Joni, anachita kudula loko ndi sowo ya kalipentala wa pa loji. Jethro anakhala pa mabatani, anafufuza, n'kupeza mizere yake makumi atatu ili momwe anaisiyira. M'maso mwake munachita chifunga pang'ono, iye n'kunamizira utsi wa jenereta. Vuto linali nambala imodzi. Anaisankha kale poganizira mabatire awiri otopa a Christine, pamene mabatire a m'maloji anali amtundu wina. Kusintha nambalayo kunatenga mphindi imodzi. Kufotokozera Boston chifukwa chake kunatenga masiku atatu, ndipo poti madzi anali atadula msewu wa ku bwalo la ndege, Boston anamva zonse.

Mu Juni kunabwera kabuku katsopano. Kumapeto kwake kunali masamba anayi a maina a anthu a dima, timalemba ting'onoting'ono ngati nyerere, pamodzi ndi adiresi yoti wofuna malangizo a mkati alembereko. Jethro anayendetsa chala pang'onopang'ono. Anapeza Christine. Pansi pake panalembedwa kuti Jethro Chule, Kakumbi.

Nkhaniyi sanaibise, poti sakanatha. Mwezi wonse akamadutsa pa khitchini ophika ankalira ngati dambo la mu Januwale, ndipo madalaivala pa wailesi ankamaliza uthenga ndi "ova, a Chule". Analembera kampani kalata ya masamba sikisi yofotokoza kusiyana kwa chulu ndi chule, kuti china chimamangidwa ndi chiswe n'kukhala zaka zambiri pamalo amodzi, pamene china chimadumpha. Patsamba lomaliza anatchulanso mwaulemu kuti amake Misozi ndi mkazi wake, osati nthambi, ndipo kuti nayenso ntchito waigwira.

Ku Joni wina anawerenga kalatayo mothamanga, mwina tsamba loyamba ndi lomaliza lokha. Kabuku kachitatu kanafika mu Novembala, mango atayamba kupsa. Dzina analikonza bwinobwino. Panalembedwa kuti Mayi Jethro Chulu, Kakumbi.

Jethro anatenga pepala kuti alembe kalata ina, koma Priscilla anamulanda cholembera. "Zisiyeni, atate ake Misozi. Mukalembanso adzakusandutsani mvuu." Anatenga kabukuko n'kukaika m'sutikesi momwe munkakhala setifiketi ya ukwati.

Pamene kampani inafuna kusintha mauthenga otsala aja kuti akhale a Chingerezi, maloji anakana. Anati alendo amakonda kujambula galasi likamapempha chikatoni. Boston anasiya ntchito chaka chomwecho n'kutsegula kashopu kokonza makompyuta ku Chipata. Jethro anakhalabe pa wailesi ya loji ija zaka zambiri. Nthawi zina pankabwera mlendo wodziwa za makompyuta, wa mtundu uja wowerenga timalemba ta kumapeto kwa mabuku, n'kufunsa Tabeth ngati n'kotheka kuonana ndi Mayi Jethro Chulu. Tabeth ankatumiza uthenga ku wailesi osasintha nkhope. Jethro ankabwera, kuvula chipewa, n'kumugwira chanza mlendoyo ndi manja awiri.

"Ndine," ankatero. "Khalani pansi ndikufotokozereni."

Mlendo wotero kawirikawiri ankaphonya ulendo wa masana wokaona nyama.